Mbiri yanga, gawo 9: phala la amayi

Zikomo nonse amene munalemba pa gawo 8 lija, ndawerenga zonse ngakhale sindinayankhe. Inu amene munati ndinathawa sukulu ku Joni, ayi sindinathawe, ndinabwerera ku Bembeke chifukwa amayi anadwalika ndipo achemwali anali okha, nkhani yake ndi imeneyo basi.

Zaka ziwiri za kuja ndingodumpha. Ndinabwera ndi laputopu ndi ntchito yosamaliza ya ma data a ALICE, chimakina chofufuzira cha ku CERN, malo a kafukufuku wa sayansi kufupi ndi Geneva, komwe amawombanitsa ma nucleus (timitima ta ma atomu) a chitsulo cha lead mu LHC, ngalande yozungulira ya makilomita 27 pansi pa nthaka. Akawombana kumatentha madigiri oposa 2 thililiyoni, ma proton ndi ma neutron a mu nucleus amasungunuka nkutsala tizidutswa tamkati mwake, ma quark ndi ma gluon omwe amawamatirira, okhaokha ngati phala. Koma phala limenelo palibe analionapo, limazizira pompopompo, ma quark nkugwirana, quark ndi antiquark (mnzake wotsutsana nayo) kupanga kachidutswa kotchedwa pion kapena kaon, atatu kupanga proton, ndiye makina amangowerenga zogwiranazo. Ine ma proton a liwiro lapakatikati ankandichulukira poyerekeza ndi ma pion, masabata atatu ndikufunafuna pomwe ndalakwitsa mu code, pulogalamu yanga ya pakompyuta.

Usiku wina wa June, kuzizira kwa kwathu mukukudziwa, ndinali pambaula kuwaphikira amayi phala, nthawi imeneyo nsima anali atasiya kale, manja atawonda mpaka chibangili chija chinkangovuka chokha. Anati, "Iwe, chimene umayang'ana mu chigalasi chakocho usiku wonse n'chiyani?" Ndinafotokoza mwachibwibwi. Anakhala chete ndinkayesa agona, kenako anati, "Ufa ukauthira wambiri pamodzi mibulu imachuluka, sunaone mmene waphikiramu?"

Ndinaseka, misozi ikutsika. Sikuti amayi anatulukira sayansi ayi, musandinamizire mu ma comment, izi anaziona kale ku RHIC, chimakina china chowombanitsira ku Brookhaven ku America, powombanitsa golide, amati recombination: ma quark akathithikana amangogwira anzawo oyandikana nawo m'malo moti iliyonse isweke payokha, ndiye za ma quark atatu ngati ma proton zimachuluka. Zinali m'mapepala omwe ndinawerenga osamva, code inalibe vuto.

Phala lija anamwa masupuni atatu, mibulu akuikankhira m'mbali mwa mbale, lotsalalo anati ndiwasungire m'mawa. Za m'mawa mwakemo ndilemba gawo 10, lero sindingathe.