Jaji sasumiridwa eti

Tulo sitikubwera ndiye bola ndingolemba. Achimwene anafika madzulo nkhope ili gwa, aluza mlandu wawo wa dipoziti ndi landilodi uja, akuti jaji sanayang'ane nkomwe zithunzi zomwe anajambula tsiku lotuluka mnyumbamo. Nsima ndinawaikira koma anangotema kawiri basi nkuyamba zoti ine ndimusumira jajiyo, ndimusumira pamodzi ndi khoti lake lomwe, kuno ndi ku America munthu amasumira ngakhale khofi wotentha.

Ndinaimbira mwana wa achemwali uja akuphunzira zamalamuloyu nkuika foni pa sipika. Anayamba waseka kaye. Akuti amalume pepani, jaji simungamusumire kuti akulipireni pa zomwe wagamula ali pampando, olo alakwitse chotani, olo achite dala. Khotilo nalonso ndi mbali ya boma la steti ndiye boma silingokokeredwa kukhoti ngati lokha silinalole. Njira ndi apilu, kapena kukadandaula ku komiti yoona khalidwe la majaji koma kumeneko ndalama yanu sibwera. Achimwene amvekere ndiye kuti iwowa ndi Mulungu?

Mmalo mowatonthoza mwanayu anatiuza nkhani ina ndipo ndi imene yandisowetsa tuloyi. Akuti konkuno ku Indiana, ku DeKalb County, ulendo wa maola awiri osakwana kuchoka kuno ku South Bend, mu 1971 mayi wina anapempha jaji Harold Stump kuti alole mwana wake wamkazi wa zaka 15 atsekedwe asadzabereke, ati mutu wake sugwira bwino komanso amagona kunja ndi anyamata. Jaji anasaina tsiku lomwelo. Mtsikanayo osaitanidwa, loya womuimira panalibe, kuchipatala anamunamiza kuti akumuchotsa apendikisi. Anadzakwatiwa, mimba osabwera, nkudzazindikira mu 1975. Atasuma nkhani inakafika ku Supreme Court, khoti lalikulu kwambiri la dziko lonse, ndipo mu 1978 majaji asanu anati Stump sangasumiridwe chifukwa anasaina ngati jaji, atatu anakana.

Tinangoti zii tonse. Ine mtima unathamangira kwa mwana wanga, ali ndi 14 panopa ndipo nthawi imeneyo anali kuchipinda akuseka ndi anzake pa foni, sindikudziwa chifukwa chake ndinadzuka kukasuzumira pakhomo pake. Anandiyang'ana modabwa nkuti mami chavuta nchani.

Chondinyasa nchakuti mfundo yawoyo ndikuimva ndithu. Aliyense woluza atamasumira jaji, majaji angamagamule mwamantha, olemera okhala ndi maloya ambiri ndi amene angamawaopseze, ife a dipoziti ya madola mazana angapo tingapwetekekenso kuposa pano. Mwana wa achemwali uja anatinso kundende majaji amalowa akaba, ngati Mark Ciavarella wa ku Pennsylvania amene ankalandira ndalama nkumatumiza ana kumalo osungira ana olakwa, anamupatsa zaka 28 mu 2011. Chabwino. Koma mtsikana uja nanga, palibe anaba ndalama pamenepo, munthu anangosaina.

Achimwene anapita osatsanzika bwino, apilu akuti aganiza kaye poti nayonso ifuna ndalama ndi kujomba kuntchito. Envulopu ya zithunzi aiiwala patebulo, ndaitsegula, khitchini inali yoyera bwinobwino ndithu. Shifiti ikuyamba 6 koloko ndipo galimoto sindinathire mafuta