Ulendo wa ku Zomba: index, ketulo ya a Tcheya ndi matemba

Amene munatsala musamanene kuti tinangopita kukapumako. Tinanyamuka ku Limbe m'mamawa ndithu, kungoti a Msungichuma anatiimitsa pa Thondwe kuti agule tomato wa kunyumba. Ngati ndalamayo inachokera m'thumba mwawo kapena mwathu, adzatiuza pa msonkhano.

Anzathu a ku Zomba anatilandira ndi phunziro lomwe tinapitira: momwe kompyuta imasakira kachidutswa ka DNA m'nkhokwe zikuluzikulu monga GenBank, yomwe inayamba mu 1982. Kuwerenga chilembo chilichonse cha DNA, A, C, G, T, mpaka kumapeto n'kutaya nthawi. Choncho amayamba akonza index, ngati mlozera wa m'buku la nyimbo womwe umakufikitsa pa nambala osatsegula tsamba lililonse. Pulogalamu yosakira ya BLAST, ya mu 1990, imadula zomwe ukusaka m'timawu tifupitifupi, ta zilembo 11 ngati ndi blastn (mtundu wake wosakira DNA), n'kuona pamene tagwirizana, kenako n'kumatambasula mbali zonse ziwiri. Mapulogalamu ena, BWA ndi Bowtie, a mu 2009, amadalira mtundu wina wa index, FM-index, yomwe Ferragina ndi Manzini anatulutsa mu 2000. Apa a Mlembi anali atayamba kale kuwodzera.

Tsopano nkhani yeniyeni. Mnyamata wotiphunzitsa anayambitsa index ya genome ya munthu (DNA yake yonse), zilembo pafupifupi 3 biliyoni, n'kutichenjeza kuti itenga nthawi, tisakhudze kanthu. Kompyutayo inali ya patebulo, yopanda batire. Soketi yogwira m'chipindamo inali imodzi. Kunja kukuzizira, chifunga chitakuta phiri, ndipo a Tcheya mukuwadziwa pa nkhani ya tiyi. Tinangoona sikirini yada bii, ketulo ikulira pakona.

"Ndimayesa ndi chaja ya foni," anatero a Tcheya.

"Bwana, foni yake iti ya chingwe chonenepa chonchi?" anafunsa mnyamatayo mwaulemu wonse, koma maso ali psuu.

A Mlembi anadzidzimuka n'kulowererapo kuti index yomweyo ndi yachabechabe, bwanji osangosaka basi? Mkangano unakula mpaka amayi athu a ku labu anamenya tebulo. Iwo ndi amene anati titenge genome ya kachilombo ka malungo, Plasmodium falciparum, ya zilembo pafupifupi 23 miliyoni zokha. Index yake inatha tiyi asanazizire, ndipo kusaka kunali kungodina batani, yankho ili. Ine chinandisangalatsa n'chakuti pa zilembo 10 za kachilomboka, pafupifupi 8 ndi A kapena T, motero timawu tina timabwerezabwereza ndipo ukapanda kusefa, zotsatira zimadzaza ndi zinyalala. A Mlembi sanavomere kuti agonja, anangoti kachilombo n'kakang'ono.

Nkhomaliro inatiyanjanitsa: nsima ya mgaiwa, matemba a ku Chilwa otendera, ndi nkhwani. Amene anapempha foloko timusungira chinsinsi. Madzulo tinakwera cha ku Mulunguzi, ana akutithamangira ndi timbale ta sitiroberi, ndipo a Msungichuma anatsitsa mtengo mpaka ife tinachita manyazi.

Zikomo anzathu a ku Zomba, makamaka mnyamata uja amene anayambiranso index usiku ife titapita. Zikomo adalaivala popirira kwaya yathu. Amene simunamalize chopereka cha mafuta, Lachisanu ndi lomaliza. Anzathu a ku Zomba akadzabwera kuno, a Tcheya adzabwere ndi fulasiki.