Zikomo abale, amuna anga ayamba kuyenda okha

Abale anga mwa Ambuye, ndakhala ndikufuna kulemba izi kalekale koma ndimati ndikagwira foni misozi nkuyamba, lero ndalimba mtima. Ambiri mukudziwa kuti amuna anga anadwala sitiroko, mbali yakumanja yonse inasiya kugwira ntchito, mwendo osaponda, dzanja osagwira kanthu, olo kutchula dzina langa zimawavuta. Lamulungu lapitali alowa mtchalitchi ndi miyendo yawo, ndodo ili kumanzere, wilitcheya tinaisiya kunyumba. Mulungu alemekezeke abale, ine mawu okwanira ndilibe.

Ndiyambe ndi madokotala ndi anamwino, makamaka dokotala amene anatikhazika pansi ine ndi alamu anga nkutifotokozera bwinobwino kuti magazi anasiya kufika mbali ina ya ubongo, ndipo kuti ikavulala mbali yamanzere ya ubongo chimafooka ndi thupi lakumanja komanso nthawi zambiri kuyankhula kumasokonekera. Anatiuzanso kuti BP ndi imene imayambitsa matendawa kwa anthu ambiri ndipo imakwera mwakachetechete munthu akudziona kuti ali bwino, ndiye chonde inu amene mukuwerenga kayezetseni, ndipo ngati munapatsidwa mankhwala musasiye. A mafizo nanunso Mulungu akudalitseni, munapirira nawo tsiku lina akukana, tsiku lina akulira ndi ukali kuti asiyidwe, inu osatopa, chala chimodzichimodzi mpaka phazi linayamba kumva.

Apongozi anga, mayi, munasiya zanu zonse nkudzakhala nafe ndipo simunandilozepo chala olo tsiku limodzi. Alamu, usiku onse uja mumagona pampando kuti ine ndikaone ana, sindidzaiwala. Ana anga munakula msanga chifukwa cha matendawa, wamkulu kuphunzira kuwatembenuza bambo ake pabedi kuti asachite zilonda, wamng'ono kumawawerengera Baibulo mokweza ngakhale mawu ena amadumpha. Amayi a kutchalitchi, aneba, anzawo a kuntchito amene mumabwera kudzangokhala nawo ngakhale samatha kukuyankhani, zikomo, zikomo kwambiri.

Koma pali chimodzi chimene ndikufuna ndikhalitsepo pang'ono chifukwa ndi chimene chinatigwira kuti tisagwe. Kumayambiriro kunabwera anthu ambiri odzapemphera, ndipo ena mwa chikondi chawo amatiuza kuti sabata ino isanathe adzuka, ena kuti mwezi uno sutha ayamba kuthamanga. Sindikuwanyoza ayi, amatifunira zabwino. Koma sabata imatha, mwezi nkutha, munthu ali chigonere, ndiye chimatsatira ndi chani? Amuna anga anayamba kuganiza kuti kapena chikhulupiriro chawo ndi chochepa, kapena pali tchimo limene Mulungu sanakhululuke, anayamba kutembenukira kukhoma anthu akamapemphera, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa matenda enieniwo.

Abusa athu atabwera ndinawapempha kuti atiwerengere Yeremiya 29:11, vesi ija timaikonda tonse yoti Mulungu akudziwa malingaliro amene ali nawo pa ife, a mtendere osati a choipa. Iwo anati chabwino mayi, koma tiyambire chaputala 28. Ndiye anatifotokozera kuti mawu a pa 29:11 aja ali mkalata imene Yeremiya analemba yopita kwa anthu amene Nebukadinezara anawatenga ku Yerusalemu kupita nawo ku Babulo pamodzi ndi mfumu Yekoniya cha mma 597 BC. Nthawi imeneyo kunali mneneri wina Hananiya amene anaimirira mkachisi nkulengeza kuti pasanathe zaka 2 anthu onse abwerera ndi ziwiya za mkachisi zomwe, mpaka anachotsa goli la mtengo pakhosi pa Yeremiya nkulithyola anthu akuona. Uthenga okoma zedi, aliyense akanakonda kuumva, Yeremiya yemweyo anayankha kuti amen, Yehova achitedi choncho. Koma Mulungu sanamutume, ndipo Hananiya anamwalira chaka chomwecho. Mawu enieni a Mulungu anali oti zaka 70, ndipo zili pa vesi 10, pamwamba penipeni pa vesi imene timaikonda ija.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi zimene Mulungu anawauza kuti azichita podikirapo. Sanati khalani pakhomo katundu ali mmanja. Anati mangani nyumba mukhalemo, limani minda mudye zipatso zake, kwatirani, berekani ana, mupempherere mtendere wa mzinda umene mulimo. Ndiye kuti pulani ya Mulungu inali ikuyenda mkati mwa ukapolo momwemo, siinkadikira tsiku lotuluka kuti iyambe. Ndipo anasungadi lonjezo, Koresi mfumu ya Perisiya atagonjetsa Babulo mu 539 BC anawalola kubwerera kwawo. Abusa atamaliza anawayang'ana amuna anga nkunena kuti bambo, ine tsiku sindikupatsani chifukwa Mulungu sanandipatse, koma kuti sakusiyani ndiye analonjeza, mawa mudzuke mukachite mafizo. Kuyambira pamenepo zinthu zinasintha mnyumba mwathu, tinasiya kuwerenga masiku, mankhwala amamwa pa nthawi yake, mafizo amapita, ndipo kupemphera anayambiranso.

Nditayamba kuwerenga ndekha usiku ndinaona kuti nkhani ndi yomweyi paliponse. Abrahamu anaitanidwa ali ndi zaka 75, Isake anabadwa iye ali ndi zaka 100. Yosefe anali ndi zaka 17 pamene nkhani ya maloto ake ikuyamba, anakaima pamaso pa Farao ali ndi zaka 30, ndipo mkatimo muli zaka 2 zathunthu zimene anakhala mndende chifukwa choti munthu amene Yosefeyo anamuthandiza anamuiwala. Davide naye mu Salimo 13 akufunsa kuti mpaka liti Yehova, kanayi konse, ndipo Mulungu sanafufute mawu amenewo mBaibulo, anawasiya kuti ifenso tizikhala ndi polirira. Ine ndalira nawo salimo imeneyo kwambiri ndipo sindikuona kuti kunali kusakhulupirira, amene ukumufunsa kuti mpaka liti ndiye kuti ukudziwa kuti alipo ndipo akumva.

Ndinene zoona zake kuti musamve ngati zonse zatha. Dzanja lakumanja silinabwerere bwino, kulemba akuphunzira ndi lamanzere, mawu ena amawasakasaka kaye asanawapeze, ndipo akatopa mwendo umakokeka. Ine ndimapempha kuti abwerere mmene analili ndipo mpaka pano ndikupemphabe. Paulo anapempha katatu kuti minga ya mthupi mwake ichoke, yankho linali loti chisomo changa chikukwanira, zili pa 2 Akorinto 12, ndiye sindingaime pano nkukuuzani kuti ndikudziwa mmene Mulungu amalizire nkhaniyi. Chimene ndaona ndi maso anga ndi choti munthu amene amalephera kumeza madzi lero akuimba nawo nyimbo, pang'onopang'ono koma akuimba, ndipo ana anga aona bambo awo akugwada pamtima pomwe maondo akukana.

Kwa inu bambo a ana anga, ndikudziwa muwerenga izi mochedwa koma muwerenga mpaka kumapeto. Zikomo chifukwa simunagonje. Ndinakuonani mukugwa nkudzukanso, mukuchita manyazi kudyetsedwa koma nkulola, ndipo tsiku limene munatchulanso dzina langa bwinobwino ndinatuluka panja kuti musaone mmene ndimalirira.

Abale musatisiye mmapemphero, makamaka dzanjali ndi BP kuti ikhazikike, komanso nkhani ya ntchito chifukwa sitikudziwa ngati adzabwerere pa imene amagwira kapena afune ina yoti angathe. Mukumbukirenso mabanja amene tinali nawo limodzi ku wodi, ena akadali konko, ndipo mayi wina amene tinkagawana naye mavesi usiku amuna ake sanatuluke ndi moyo. Ngati muli naye wodwala wotere pafupi pitani mukamuone, olo asakuyankheni khalani naye pang'ono, amamva zonse.