Chitseko chathu chayamba kutseguka chonse

Lero yakwana milungu 6 chiyambireni kukonza nyumba yathu motsatira feng shui, luso la ku China la kasankhidwe ndi kakonzedwe ka malo okhala. Ndalongedza zambiri, ndasuntha mipando, msana wandiwawapo masiku angapo, koma chimene chandisangalatsa kuposa zonse n'chaching'ono ndithu: chitseko cha khomo lalikulu tsopano chikutseguka mpaka kukakhudza khoma. Kwa zaka zingapo chinkathera pakati. Kuseri kwake kunali makatoni awiri amene sitinawamasule chisamukireni, ambulera yothyoka, nsapato zimene zinawachepera ana kalekale, ndi kampando kothyoka mwendo kamene tinkangoti tidzakakonza. Tonse tinazolowera kulowa chammbali. Munthu akabwera ndi katundu ankayamba walowetsa phewa, kenako chikwama, kenako thupi lonse. Palibe ankaonapo vuto, poti diso likazolowera chinthu limasiya kuchiona.

Tsiku limene ndinachotsa zonsezo ndinasesa fumbi limene linaundana pakona, ndinadontheza timafuta m'mahinji kuti asiye kulira, kenako ndinakankha chitseko ndi chala chimodzi. Chinayenda chokha mwakachetechete mpaka kumapeto. Kuwala kunagwera pansi pa kanjira kolowera, ndipo m'pamene ndinaona kuti matailosi a pamenepo ali ndi timizere tobiriwira. Ndinaima pomwepo kanthawi, tsache lili m'manja.

Ku China, kumene luso limeneli linachokera, khomo lalikulu amalitcha pakamwa pa qi. Qi ndi liwu lovuta kulimasulira kamodzi n'kamodzi. Ndi mpweya, komanso ndi mphamvu ya moyo imene iwo amati imayenda m'thupi la munthu, m'nthaka, ndi m'nyumba momwe. Nyumba imapumira pakhomo, ndiye yathuyi inakhala zaka zonsezi ikupuma mobanika. Dzina lakuti feng shui lokha ndi losavuta: feng ndi mphepo, shui ndi madzi. Ambiri amalilondola mpaka ku buku lakale lotchedwa Zangshu, lonena za kasankhidwe ka malo a manda, limene amati analemba ndi Guo Pu, katswiri amene anabadwa mu 276 n'kumwalira mu 324. Mfundo yake ndi yakuti qi ikatengedwa ndi mphepo imabalalika, koma ikafika pamadzi imaima n'kusonkhana. Mfundo imeneyi ndailemba pakapepala n'kuimata mkati mwa chitseko cha kabati, chifukwa ntchito yanga yonse yatsamira pamenepo. Mpweya uziyenda m'nyumba koma usamathamange, uzikhazikika koma usamavunde.

Kunena chilungamo, akale aja sankalemba za makatoni ndi nsapato. Maso awo anali pa mapiri, mitsinje ndi zigwa, pofuna malo omangapo mudzi kapena oikapo makolo awo. Nkhani yochotsa katundu wounjikana inadzakula posachedwapa, feng shui itafika ku America ndi ku Europe. Komabe ine ndikuona kuti nthambi imeneyi yamera pamtengo wake womwewo. Madzi akatsekeredwa amasanduka chithaphwi, ndipo kona yodzaza ndi zinthu zosagwiritsidwa ntchito imakhala ndi kafungo komweko ka chinyezi.

Mlungu wachiwiri ndinachita chinthu chimene ndikulimbikitsa aliyense wa inu amene akufuna kuyamba. Ndinaima pakhomo ndi kope ndi pensulo, n'kuyamba kuyenda m'nyumba monse pang'onopang'ono, ngati madzi amene angowatsegulira kumene. Paliponse pamene ndinafunika kupendekeka, kudumpha chinthu kapena kupinda thupi kuti ndidutse, ndinalemba. Ndinapeza malo 9. Ambiri anali osavuta, monga chingwe cha fani chodutsa pakati pa njira, ndi katebulo kamene ngodya yake inkatigunda m'mawondo tsiku ndi tsiku. Ngodya zakuthwa zoloza munthu choncho amazitcha mivi yapoizoni, ndipo qi yolasa motero amati sha qi. Katebuloko ndinakasunthira kukhoma, basi. Vuto limodzi lokha linali la mtundu wina. Khomo lathu lili moyang'anizana ndi zenera lalikulu la kumapeto kwa balaza, moti ukalowa maso amangopyola n'kutulukira kunja, osaona n'komwe kuti m'chipindamo muli chiyani. Apa qi sikuti yatsekeredwa, koma ikuthamanga. Ndinaika katani yopyapyala pazenerapo ndi mphika wa chomera cha masamba akuluakulu chapambali pa njira. Kuwala kukulowabe, koma mlendo tsopano amayamba waona mipando.

Bedi ndi limene linanditengera nthawi yaitali, ndipo ndi limene linandiphunzitsa kwambiri. Lathu linali pansi pa zenera, kumiyendo kutaloza khomo ndendende. Feng shui imakana zonse ziwiri. Kugona miyendo italoza khomo amakutcha kagonedwe ka bokosi la maliro, poti ndi mmene wakufa amamutulutsira m'chipinda. Kugona mutu uli pansi pa zenera ndiye kuti kumbuyo kwako kulibe chokutchinjiriza. Malo oyenera ndi pamene mutu watsamira khoma lolimba, ukutha kuona khomo uli chigonere, koma suli nalo pamzere umodzi.

Poyamba ndinkangolitenga ngati lamulo loloweza pamtima, mpaka pamene ndinamvetsa za nyama zinayi zimene akale ankafotokozera nazo malo abwino. Kumbuyo kumakhala kamba wakuda, amene ndi phiri lotchinga mphepo. Kumanzere chinjoka chobiriwira, kumanja kambuku woyera, zomwe ndi zitunda ziwiri zokumbatira malowo ngati mikono ya mpando. Kutsogolo kumakhala mbalame yofiira, bwalo lotseguka kumene kumachokera kuwala, limene amalitcha ming tang. Nyumba yachifumu ya ku Beijing, Forbidden City, imene inamalizidwa mu 1420, inamangidwa motero. Imayang'ana kumwera, m'bwalo lake lakutsogolo mumadutsa kamtsinje kochita kukumba, ndipo kumbuyo kwake, kumpoto, kuli phiri la Jingshan limene anthu anachita kuunjika ndi dothi lochokera m'ngalande zozungulira nyumbayo. Phiri panalibe, iwo anaumba lawo. Ndipo chifukwa chake n'chomveka bwino. Kumpoto kwa China mphepo yozizira ya m'chisanu imawomba kuchokera kumpoto, pamene dzuwa lofunda limawala kuchokera chakumwera. Anatembenukira dzuwa, mphepo anaifulatira. N'chifukwa chake ndimati munthu asangokopera mawu akuti kumwera osayang'ana kumene dzuwa ndi mphepo zimalowera m'nyumba yake. Kumayiko monga Australia ndi Argentina dzuwa la m'chisanu limadutsa chakumpoto, ndipo akatswiri a feng shui mpaka pano amasiyana maganizo ngati malamulowo ayenera kutembenuzidwa kumeneko kapena ayi.

Nditamvetsa zimenezi ndinaona kuti bedi ndi malo omwewo, kungoti ndi aang'ono. Khoma la kumutu ndiye kamba, timatebulo tiwiri ta m'mbali ndito chinjoka ndi kambuku, mpata wa kumiyendo ndiyo mbalame.

Amuna anga poyamba sanagwirizane nazo. Anati, "Amayi, bedili lakhala pamenepa zaka zonsezi, lakulakwirani chiyani?" Ndinawayankha kuti, "Bambo, tingoyesa mlungu umodzi. Likakuipirani tibweza." Tinayamba tachotsa matiresi, kenako tinakankha kabati ya zovala kupita kukhoma lina, ndipo m'pamene tinazindikira kuti soketi yokhayo ya m'chipindamo itsekeka kuseri kwa bedi. Tinalisunthanso masentimita ngati 20 kuti dzanja lizifika. Usiku woyamba kamphepo ka pazenera kamene kankandipeza pakhosi m'bandakucha sikanandipeze. M'mawa mwake mwana wathu wamng'ono anatsegula chitseko pang'onopang'ono, ndipo ndinaona nkhope yake ikusuzumira asanalankhule kanthu. Kale ndinkangodzidzimuka atafika kale kumiyendo. Tsiku lachitatu amuna anga, akumanga zingwe za nsapato, anangoti, "Bedi lija lisabwererenso." Galasi loonera limene linatsala likuyang'ana bedi tinalisamutsira mkati mwa chitseko cha kabati, poti feng shui imati galasi limagalamutsa chipinda chimene chiyenera kukhala chodekha.

Mlungu wachinayi ndinasokonezeka kwambiri. Feng shui yakale ili ndi mitsinje ikuluikulu iwiri. Wina umayang'ana kaonekedwe ka malo, mapiri ndi madzi aja, ndipo umatchulidwa limodzi ndi chigawo cha Jiangxi ndi mphunzitsi Yang Yunsong wa kumapeto kwa ufumu wa Tang. Winawo umadalira kampasi yotchedwa luopan, imene imagawa mbali zonse m'zigawo 24, chilichonse cha madigiri 15, ndipo umatchulidwa limodzi ndi chigawo cha Fujian. Kuwonjezera apo pali njira yatsopano imene mphunzitsi wina dzina lake Lin Yun anaifalitsa ku America m'zaka za m'ma 1980. Imeneyi imatenga bagua, chithunzi cha mbali 8, iliyonse yoimira gawo lina la moyo, chochokera ku zizindikiro za m'buku lakale la Yijing, n'kuchiyala pa nyumba poyambira pakhomo, osafuna kampasi. Ine ndinajambula pulani ya nyumba kawiri n'kuyesa njira zonse ziwiri, kampasi ya pafoni ili m'manja. Mbali ya chuma, mwachitsanzo, njira ya kampasi imaiika kumwera chakum'mawa, pamene njira ya pakhomo imaiika pakona yakutali ya kumanzere ukamalowa. M'nyumba mwathu malo awiriwa anagwera m'zipinda zosiyana. Madzulo atatu anathera pa mapepala amenewo, katoni ngakhale imodzi osaikhudza.

Ndinasankha kutsatira njira ya kaonekedwe ka malo, chifukwa ndi imene maso ndi thupi langa zimatha kuitsimikiza. Ndinatsimikizanso mumtima kuti sindigula kanthu kalikonse pa ntchito imeneyi, kaya ndi achule achitsulo oluma ndalama aja, timiyala tonyezimira, kapena timabelu tolira ndi mphepo. Amene amazikonda sindikuwanyoza, koma munthu amene akutulutsa katundu m'nyumba sangayambe ndi kulowetsa wina. Asayansi savomereza kuti qi ndi chinthu choyezeka, ndipo ine sindilimbana nawo. Chimene feng shui yandichitira n'chakuti nyumba imene ndinasiya kuiona ndayambanso kuiona.

Katoni yomaliza ya kuseri kwa chitseko kuja ndinali nditangoisamutsira m'kachipinda kosungiramo katundu, chifukwa ndinkadziwa zimene zinalimo. Munali zovala za malemu bambo anga ndi wotchi yawo yapakhoma. Mlungu wachisanu ndinaimasula. Aphunzitsi a masiku ano amati chinthu chowonongeka uchikonze kapena uchilole chipite, ndipo wotchi yoima amaitchula kawirikawiri, poti imasunga nthawi imene inadutsa kale. Mawu amenewa ndi opepuka kuwawerenga, koma wotchiyo ili pamiyendo yako amalemera. Inaima pa 4 koloko kutatsala mphindi zochepa. Ndinaitembenuza, ndinatsegula kachitseko ka kumbuyo, n'kupeza kuti batire linaphulikira momwemo ndipo tizitsulo tolandira moto takutidwa ndi zoyera zouma ngati mchere. Ndinanyowetsa thonje ndi viniga n'kumapukuta pang'onopang'ono, zoyerazo zikuchita thovu. Kenako ndinapala tizitsuloto ndi sandipepala mpaka tinawala, ndinadikira kuti tiume, n'kuika batire latsopano. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kamuvi ka masekondi kananjenjemera pamalo amodzi kangapo konse, kenako kanalumpha. Misozi inatuluka yokha. Wotchiyo tsopano ili pabalaza, pakhoma limene munthu amaliona akangolowa. Pa zovalazo ndinasungako jekete imodzi imene ankaikonda, zotsalazo ndinazichapa, kuzisita, n'kuzipereka kwa anthu amene azivala.

Panopa ndili kukhitchini, kumene nkhani ndi ya zinthu zisanu zimene amati wu xing: mtengo, moto, dothi, chitsulo ndi madzi. Zimaberekana mozungulira. Mtengo umadyetsa moto, moto umasiya phulusa limene ndi dothi, dothi limabala chitsulo, chitsulo chimasonkhanitsa madzi, madzi amameretsa mtengo. Zimagonjetsananso, ndipo apa chodziwika kwa aliyense n'chakuti madzi amazimitsa moto. Chitofu chathu ndi sinki zili moyandikana, pakati pake pali kampata ka masentimita ngati 40 okha, ndipo mapaipi sangasunthike. Malangizo ake ndi akuti pakati pa adani awiriwa uikepo mtengo, poti madzi akadyetsa mtengo, mtengo n'kudyetsa moto, mkangano umasanduka ubale. Ndinayamba ndi kachomera ka mumphika, koma patangotha masiku anayi masamba a mbali ya chitofu anayamba kufota ndi kutentha. Ndakasamutsira pazenera, ndipo m'malo mwake ndaimikapo thabwa lodulirapo lokhuthala, motalikirana bwino ndi lawi. Thabwalo likutchinganso madzi a pasinki amene ankathovokera m'poto wa mafuta otentha.

Kunsi kwa bedi kukadali masutikesi awiri, ndipo pansi pa munthu wogona payenera kukhala popita mpweya. Loweruka likudzali ndiwatulutsa, ndikatero ndilowa m'kabati ya zovala, kuyambira shelefu ya pamwamba.