Loya Woo ndi mnyamata wa m'gawo lachitatu

Sewero la ku South Korea lotchedwa Extraordinary Attorney Woo linayamba kuonetsedwa pa kanema wa ENA mu June 2022, ndipo linafalikira m'maiko ambiri kudzera pa Netflix. Lili ndi magawo 16, ndipo pafupifupi gawo lililonse lili ndi mlandu wakewake. Mwini nkhani ndi Woo Young-woo, mtsikana yemwe ali ndi autism (vuto la kakulidwe ka ubongo limene limakhudza momwe munthu amalankhulira ndi kuchezera ndi ena), amene anakhoza koposa anzake onse pa maphunziro a zamalamulo ku Seoul National University koma n'kusowa womulemba ntchito kufikira pomwe kampani ya maloya ya Hanbada inamutenga.

Park Eun-bin, amene amasewera ngati Young-woo, anagwira ntchito yotamandika, ndipo mu 2023 analandira nayo mphoto yaikulu ya Baeksang, imene imaperekedwa ku South Korea pa za mafilimu ndi masewero a pa kanema. Luso lake limaonekera pa zinthu zing'onozing'ono. Young-woo amawerenga ndi zala mpaka katatu asanalowe m'chipinda, amavala mahedifoni m'sitima kuti phokoso lisamusokoneze, ndipo tsiku lake loyamba pa ntchito akuima nthawi yaitali patsogolo pa chitseko chozungulira, akulephera kupeza mpata wolowera pamene ena akungodutsa osamuyang'ana. Za anamgumi amene amawatchula kosalekeza, ndinene mosabisa kuti zinafika ponditopetsa, makamaka chizolowezi chakuti nzeru yothetsera mlandu imamubwerera namgumi atatumphuka ndi kamphepo kakumuulutsa tsitsi. Nkhani yake ya chikondi ndi Lee Jun-ho, mnzake wa kuntchito, ndi yosangalatsa, koma sindiyo inandigwira mtima.

Chimene chandikhalira m'maganizo ndi gawo lachitatu. Kumeneko Young-woo akupatsidwa mlandu wa Kim Jeong-hoon, mnyamata yemwenso ali ndi autism koma wosiyana naye kutalitali: thupi ndi la munthu wamkulu, maganizo ndi a mwana, salankhula bwino, ndipo chimene amachikonda ndi chidole chotchuka cha pa kanema chotchedwa Pengsoo. Akumuganizira kuti anapha mkulu wake, wophunzira za udokotala, chifukwa anamupeza akumumenya pachifuwa. Maloya akulephera kumufunsa chilichonse kufikira atayamba kumuimbira nyimbo ya Pengsoo, ndipo choonadi chikudzatuluka chakuti mkuluyo anadzimangirira, pamene Jeong-hoon ankayesa kumupulumutsa. Makolo safuna kuti zimenezi zimveke, poti nzochotsa ulemu wa mwana amene ankamunyadira. Pa intaneti anthu akulemba kuti dziko lataya dokotala n'kutsala ndi munthu wopanda ntchito, ndipo Young-woo akuwerenga yekha mawu amenewo, akudziwa kuti akunena za iyenso.

Apa mlembi wa seweroli, Moon Ji-won, anaona msampha umene iye mwini anatchera oonera. Timamukonda Young-woo chifukwa amaloweza mabuku a malamulo ndi kupambana milandu, ndipo nkosavuta kuchoka pa kanema tikuganiza kuti mwana aliyense wa autism ali ndi mphatso yobisika imene idzabweze zonse zomwe makolo anavutikira. Ambiri alibe mphatso yoteroyo. Seweroli likukumbutsanso za Hans Asperger, dokotala wa ku Vienna m'dziko la Austria amene ankafufuza za autism, ndipo m'nthawi ya chipani cha Nazi cha Adolf Hitler ankasiyanitsa ana oti angathandize dziko ndi ana oti sangathandize, ndipo ena mwa ana a gulu lachiwirili anatumizidwa kumalo kumene anakaphedwa.

Kuno ku Salima ana onga Jeong-hoon tili nawo, ngakhale kuti ambiri sanapimidwepo ndi wina aliyense wodziwa za autism. Mwana akafika zaka zinayi asakulankhula, akamatseka makutu ndi kulira njinga yamoto ikadutsa, kapena akamakhala tsiku lonse akundandalika zitsekerero za mabotolo pakhonde, abale sachedwa kupeza yankho: amati analodzedwa, ndipo ngati bambo ake ali ndi golosale kapena boti lomwe likupha nsomba zambiri, manong'onong'o amakhala akuti anamukhwimira. Mayi ndiye amasenza zonse, kuyambira kwa asing'anga mpaka kumapemphero a usiku, ndipo mapeto ake mwanayo amatsekeredwa m'nyumba alendo akabwera. Malamulo oteteza anthu olumala tili nawo kuyambira mu 2012, koma m'kalasi ya Sitandade 1 momwe mphunzitsi mmodzi akulimbana ndi chigulu cha ana okhala pansi, mwana wotere samatha chaka.

Nchifukwa chake munthu amene ndinamuyang'anitsitsa kwambiri ndi bambo ake a Young-woo, Woo Gwang-ho, amene analera yekha mwanayo akugulitsa gimbap, mpunga wokulungidwa m'ndere za m'nyanja. Mwana wawo sanatulutse liwu kufikira ali ndi zaka 5, ndipo mawu ake oyamba anali ndime ya malamulo a milandu. M'gawo lachitatu lomwelo bamboyo akuuza Young-woo kuti kulera mwana wotere kumasungulumwitsa, ndipo akukumbukira tsiku limene anaponda chidole n'kubuula ndi ululu, mwanayo osatembenuka n'komwe. Seweroli likadapatula nthawi yochuluka pa zaka zimenezo, pamene bamboyo sankadziwa kuti mwana wake adzakhala loya, likadalankhula bwino kwambiri kwa makolo a kuno kuposa milandu yonse imene Young-woo anapambana.