Bambo wotemera uja anatipeza Lachitatu

Lolemba ndi Lachiwiri zinali za masiku onse a dzinja: malungo, ana otsekula m'mimba, amayi a sikelo. Nkhani inabwera Lachitatu madzulo, pa kabaza.

Anali bambo wa cha ku Chulu, tenanti pa esiteti ina ya fodya. Mphiri inawaluma Lolemba akubandira. Masiku awiri ali gone kunyumba! Mwendo unali utatupa mpaka m'ntchafu, matuza akuda ali mbwee, kafungo katayamba kale. Nditavundukula chitenje ndinaona mphini zakale zitandanda pa akakolo onse awiri.

"Bambo, bwanji osabwera tsiku lomwelo?"

"Adokotala, ine ndinatemera kalekale. Njoka ikandiluma imafa ndi iyo."

Ankanena ndi mtima wonse, ndipo chimenechi ndicho chinandiwawa. Mphini sizinaletse ululu kudya mnofu. Zinangowakhazika pansi pa nthawi imene akanathamangira kuchipatala. Tinamasula chingwe chimene anawamanga nacho pabondo, kuwatsuka bala, kuwapatsa mankhwala ochepetsa kuwawa, n'kuwatumiza kuboma usiku womwewo.

Lachisanu kunabwera mwana wawo, mnyamata wa sekondale, foni ili kumanja. Anandionetsa kanema wa Tim Friede wa ku Wisconsin, ku America, amene kwa zaka zambiri ankadzibaya ululu wa njoka, n'kudzilumitsa dala koposa ka 200. "Ameneyu bwanji sanafe? Ndikamadzipaka ululu pang'onopang'ono m'mphini, thupi silingazolowere?"

Mzere wa odwala unali wautali, koma ndinamukhazika pabenchi. Ndinamuuza zimene kanemayo sanaonetse, kuti mu 2001 munthu yemweyo analumidwa ndi njoka ziwiri nthawi yotsatizana, n'kukomoka masiku angapo m'chipatala. Ndi zoona kuti mu 2025 akatswiri analengeza kuti apeza m'magazi ake asilikali olimbana ndi ululu, koma anali atayesa pa mbewa zokha. Ululu sungaupime ndi maso. Wa mphiri umaoletsa mnofu ngakhale utachepa, ndipo chitetezo cha ululu wa njoka imodzi sichithandiza pa njoka zonse. Choopsa china n'chakuti thupi likamakumana ndi ululu kawirikawiri limatha kuyamba kudana nawo, moti tsiku lina kadontho chabe kamatseka pakhosi munthu n'kubanika. Mankhwala enieni a ululu amachokera m'magazi a akavalo amene amabayidwa mwa muyeso, ndipo ngakhale amenewo timapereka tili chire ndi jakisoni wina pambali, poopa kuti angamuwenge wodwala.

Mnyamatayo anangoti zii, kenako anafunsa ngati abambo ake adzayendenso.

Loweruka m'mawa ndinaimba kuboma. Mwendo aupulumutsa, koma zala ziwiri azidula. Fodya wawo akudikira kuthyola, ndipo kunyumbako wamkulu ndi mnyamata yemwe uja.