Lendi ya chipinda imayambira ku banki

Papita miyezi itatu chiyambireni maphunziro a madzulo a kayendetsedwe ka nyumba za lendi. Masana ndimayang'anira nyumba ina yosanja ku Berea, mu mzinda wa Johannesburg: kulandira madandaulo, kuitana pulambala, kuwerenga mamita, kugogoda pa zitseko za amene adutsitsa tsiku lolipira. Lachiwiri ndi Lachinayi ndikaweruka ndimathamangira m'kalasi ku Braamfontein. Ndinalembetsa kuti ndipeze pepala londikweza pa ntchito, koma phunziro limodzi landigwira mtima kuposa ena onse, loti ndalama zomangira ndi kukonzera nyumba zosaboola m'thumba zimachokera kuti.

Ndinalowa ndi maganizo omwe ambiri a ife tili nawo kuno ku Joni, akuti lendi ndi yokwera chifukwa malandilodi ndi adyera. Adyera alipodi, ndawaona ndi maso anga. Koma sabata yachitatu aphunzitsi anatipatsa masamu oyeserera amene mpaka lero sanandichoke m'mutu. Munthu wagula nyumba yakale ya maofesi, waikonza n'kutulutsamo zipinda 60, zonse pamodzi zamudyera R12 miliyoni. M'thumba mwake mwachoka R2.4 miliyoni, yotsalayo R9.6 miliyoni ndi ngongole ya zaka 15 pa chiwongola dzanja cha 13 peresenti. Tinadinadina makakyuleta. Mwezi uliwonse obwereketsa akufuna pafupifupi R121,000, kutanthauza kuti chipinda chilichonse chasenza R2,000 munthu asanalowemo n'komwe. Kenako tinaikapo mlonda, okolopa, inshuwalansi, msonkho wa khonsolo ndi chikepe chomwe sichichedwa kufa, zonsezi R1,200 pa chipinda. Yakwana R3,200, mwini wake asanadyepo ngakhale randi imodzi, komanso poganiza kuti zipinda zonse n'zodzaza ndipo aliyense akulipira pa nthawi yake. Ine amene ndimagogoda zitseko ndikudziwa kuti mwezi wotero sunabadwe.

Ndiye aphunzitsi anatiuza titembenuzire kwa wolowa m'nyumbayo. Mu Malichi 2025 malipiro otsikitsitsa ololedwa ndi lamulo muno anakwezedwa kufika pa R28.79 pa ola. Pa malipiro amenewo, wogwira maola 45 pa sabata amapata cha m'ma R5,600 pa mwezi. Obwereketsa nyumba ambiri amafuna kuti lendi isapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro, ndiye munthuyu polekezera pake ndi R1,900. Mlonda, wantchito wa m'nyumba, wosamalira maluwa ku Randburg, telala wa pa khonde ku Mayfair, onsewa chipinda chathu chija sangachikwanitse.

Tinabwereza masamuwo, ulendo uno boma litaikapo ndalama yosabweza, ngongole n'kutsika kufika pa R4 miliyoni. Katundu wa chipinda chimodzi anagwa kuchoka pa R2,000 kufika pa R840. Njerwa zomwezo, simenti yomweyo, mlonda yemweyo, koma lendi yatsika ndi ndalama yoposa R1,100. Apa m'pamene ndinamvetsa kuti ndalama nayo ili ndi mtengo wake, ndipo mtengowo ndi umene umasankha wodzagona m'chipindamo. Pamene chiwongola dzanja chimene mabanki amayambira chinakwera kufika pa 11.75 peresenti mu Meyi 2023, anthu a m'nyumba yathu sanamve za nkhaniyo, koma anadzakumana nayo pa kalata yokweza lendi.

Kwathu sabuside timaidziwa ya feteleza, ndi ija ya malata ndi simenti. Kuno ya nyumba ili ndi makomo angapo. Pali nyumba za RDP zomwe boma linayamba kupereka ulere chitatha chaka cha 1994, za mabanja opeza zosapitirira R3,500 pa mwezi. Pali thandizo logulira nyumba yoyamba, kale linkatchedwa FLISP, tsopano First Home Finance, la opeza pakati pa R3,501 ndi R22,000. Ndiye pali nyumba za lendi zothandizidwa ndi boma pansi pa lamulo la 2008, zomwe ndalama zake zimadzera ku SHRA, bungwe la boma loyang'anira nyumba zoterezi, kupita kwa omanga monga JOSHCO, kampani ya khonsolo ya mzinda uno, kapena Johannesburg Housing Company yomwe inayamba mu 1995 ndipo inamanga mafulati a Brickfields ku Newtown. Ndimadutsa pa Brickfields kawirikawiri. Ana akusewera pabwalo, zovala zili pa chingwe, geti ili ndi mlonda. Zimatheka ndithu.

Koma ndikulemba manotsi, dzanja langa linaima pa mzere umodzi: thandizoli ndi la nzika za dziko lino kapena amene ali ndi chilolezo chokhala mpaka kalekale. M'kalasi mwathu tilimo Amalawi awiri. Tinayang'anana osalankhula. Sindikudandaula kuti dziko likuyamba laona ana ake, dziko lililonse limatero, ndipo nzika zomwe zikudikira pa mndandanda wa nyumba n'zambirimbiri. Kungoti munthu wopanda pepala loyenera samasanduka mpweya dzuwa likalowa. Amayenera kugona penapake, ndipo pamalo pamenepo pali wina amene akutolera ndalama.

Mbiri ya m'kati mwa tauni inandithandiza kuona mmene malo oterewa anabadwira. M'zaka za m'ma 1990 makampani anasamukira kumpoto, msika wa masheya wa JSE nawo unapita ku Sandton mu 2000, ndipo mabanki analeka kubwereketsa ndalama ku Hillbrow, Berea ndi Joubert Park. M'nyumba zomwe munthu aliyense anali ndi fulati yakeyake, ena analeka kusonkha ndalama yosamalira nyumba yonse. Ngongole ya madzi inakula, chikepe chinaima, eni ena anathawa osagulitsa chifukwa wogula analibe kobwereka. Mpata umenewo unalowedwa ndi olanda nyumba, amene amagawa holo imodzi ndi matabwa ndi makatoni, n'kumatolera lendi osakonza chilichonse. Bungwe la TUHF linayamba mu 2003 kudzabwereketsa kumene mabanki anakana, poyang'ana lendi imene nyumbayo ingabweretse, ndipo anthu wamba angapo asanduka eni nyumba kudzera m'menemo. Boma nalo linaika chinyengerero cha msonkho kwa okonza nyumba m'chigawo cha m'kati mwa tauni chotchedwa UDZ. Zonsezi zadzutsa nyumba zambiri zomwe zinafa. Koma ndi ngongole, ndipo ngongole imabwerera ku masamu aja a R3,200.

Walira mvula walira matope. Dera lokonzedwanso la Maboneng linayamba ndi malo a zaluso a Arts on Main mu 2009, misewu inawala, malo odyera anatsegulidwa, alendo anabwera ndi makamera. Kuseri kwake, ku Jeppestown, anthu anayamba kulandira makalata owachotsa m'nyumba. Khothi lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula mu 2011, pa mlandu wa Blue Moonlight wa anthu a mu Saratoga Avenue, pafupi ndi kuntchito kwanga, kuti khonsolo iyenera kupezera pogona pongoyembekezera anthu osauka ochotsedwa, ngakhale wowachotsayo atakhala mwini nyumba wamba. Chigamulo n'chabwino, koma pogona pamenepo pamafunanso ndalama, ndipo pakasowa, nyumba yoipa imangokhala choncho zaka ndi zaka: yosakonzedwa, anthu osachotsedwa, mawaya a magetsi ali lendelende m'makonde. Mu 2019 khonsolo inakhazikitsa ndondomeko yoti womanga nyumba 20 kapena kuposerapo apatule 30 peresenti kukhala zotsikirapo mtengo. Ndi sitepe, komabe zotsikirapozo zidakali kutali ndi munthu wa R1,900.

Tsiku lomwe tinafika pa nkhani ya moto wa m'nyumba ya Usindiso sindinalembe kanthu. Pa 31 Ogasiti 2023 moto unapha anthu 76 pa 80 Albert Street ku Marshalltown, m'nyumba ya khonsolo yomwe nthawi ya tsankho inali ofesi ya mapasi. Mwa omwalirawo munali Amalawi. M'mawa umenewo foni yanga inayamba kulira kusanache. Mayi anga anangoti, "Mwanawe, uli moyo?" kenako n'kuyamba kulira, osadikira kuti ndimalize kuyankha. Masabata otsatira tinkasonkha ndalama m'magulu a WhatsApp zotumizira maliro kumudzi. Komiti yofufuza yotsogozedwa ndi jaji Sisi Khampepe inapeza kuti khonsolo inali ndi mlandu posatsata malamulo a chitetezo. Chimene chimandiwawa kwambiri tsopano, nditaphunzira masamuwa, n'chakuti anthu aja sankakhala ulere. Ankalipira mwezi ndi mwezi. Ndalama imeneyo ikanalowa m'buku loyenera ikanagula zozimitsira moto, ikanalipira munthu wotsegula khomo lothawira.

M'nyumba yomwe ndimayang'anira muli bambo wina wachikulire wa ku Mangochi, telala. Fulati ya chipinda chimodzi amakhalamo anthu asanu, nsalu ndiyo malire. Ndinawaonetsa masamu anga tsiku lina akusoka, iwo anavula magalasi n'kunena kuti, "Achimwene, ife sitikufuna bafa la tokha. Tipatseni chitseko chokiya ndi mpopi wotuluka madzi, zinazo tigawana." Mawu amenewo ndi amene ndamangirapo ntchito yanga yomaliza ya teremu ino.

Ndatenga nyumba yoyeserera ija ya zipinda 60 n'kuisandutsa ya mabafa ndi khitchini zogawana pa nsanjika iliyonse, lendi R1,500. Zoyendetsera ndazifinya mpaka R1,000 pa chipinda. Yotsala R500 kuchulukitsa ka 60 ndi R30,000 pa mwezi, ndipo imeneyo ingabweze ngongole yosapitirira R2.4 miliyoni. Pa R12 miliyoni ija, ndalama yokwana R9.6 miliyoni iyenera kuchokera kwa wina amene sadzaifunanso. Ndayesa kuikapo kuti khonsolo yapereka nyumba yake ulere kwa zaka zambiri, ndayesa kuti fulati zina zapamwamba zilipire mokwera kuti zinyamule zapansi, ndayesanso mashopu anayi kumsewu. Mpata wachepa koma sunatsekeke. Aphunzitsi atayang'ana anandiuza kuti ndisabise chiperewerocho, ndichilembe poyera ndi inki yofiira, ndipo ndifotokoze kuti wochilipira angakhale ndani. Ntchitoyi ikufunika Lachinayi likudzali, ndipo usiku uno ndikuwerengeranso mzere wa madzi, chifukwa mamita omwe ndimawerenga kuntchito akundiuza kuti ndaikapo ndalama yochepa.